Ngowe Ziwiri za Kumapazi: Mbiri ya Butterfly Guard

M'magwetsano ambiri a padziko lapansi, munthu akagunditsa msana pansi ndiye kuti nkhani yatha. Woimbira amakweza dzanja la mnzakeyo, anthu n'kuyamba kumwazikana. N'chifukwa chake woonera Brazilian jiu-jitsu koyamba amachita kakasi akaona katswiri akudzikhalira yekha pansi, popanda womukankha, n'kumakhwekhwereza matako kulunjika kwa mdani wake ngati kuti wosaka ndi iyeyo. Kakhalidwe kameneka, kokhala tsonga, mawondo atatambasukira uku ndi uku, mapazi onse awiri atakola m'kati mwa ntchafu za mnzako, ndi kamene amakatcha butterfly guard, poti mawondowo amaoneka ngati mapiko a gulugufe. Ku Brazil ena amangoti guarda de gancho, guard ya ngowe.

Ntchito yake yaikulu ndi yakuti wapansi akhale pamwamba. Tinene kuti mnzako wagwada patsogolo pako. Umasendera pafupi mpaka chifuwa chako chikhudze chake, mutu wako uli kunsi kwa chibwano chake. Mkono wamanja umaulowetsa m'khwapa mwake n'kukagwira lamba kumsana, kapena msana weniweniwo ngati lamba palibe. Dzanja lamanzere limapana mkono wake wamanja pachigongono, kuti akamagwa asapeze chotsamira. Ukatero umadzigwetsera cham'mbali, paphewa lako lamanzere. Phazi lamanja, lomwe lakola ntchafu yake, limamunyamula, lamanzere likuponda mphasa mwamphamvu kukankha. Mnzako amagudubuzikira mbali imene mkono wake wamangidwa, iwe n'kumutsatira, osamusiya, mpaka upezeke wakhala pamimba pake kapena wamupanikiza cham'mbali.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ukayamba wamukoka kaye, kuti kulemera kwake kuchoke pa zidendene zake kubwere pa miyendo yako. Bambo aliyense amene anaseweretsapo mwana pomugoneka pamiyendo n'kumamukweza m'mwamba akudziwa kuti mwanayo amapepuka akasendera pafupi ndi mawondo, koma akakhalira kunsonga kwa mapazi sanyamulika. Chimunthu cha makilogalamu 100 nachonso chimatero. Chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi kugwa chagada. Msana ukangogona wonse pamphasa, ngowe zija zafa. Wapamwamba amafinya mawondo ako pamodzi, kuwakankhira mbali imodzi, n'kudutsa.

Mukafunsa amene anayambitsa njirayi, sukulu iliyonse idzatchula mphunzitsi wake. Koma kukola ntchafu ya munthu ndi phazi n'kumuponya n'kwakale kuposa jiu-jitsu ya ku Brazil, ndipo kutchuka kwake kwakhala kukukwera ndi kutsika malinga ndi zinthu ziwiri: malamulo a mpikisano ndi zimene olimbanawo avala.

Jigoro Kano atakhazikitsa sukulu ya judo ya Kodokan ku Tokyo mu 1882, anasonkhanitsa njira zogwetsera munthu kuchokera m'masukulu akale a jujutsu. Pa njira 15 zimene zili mu Nage-no-kata, ndondomeko yomwe ophunzira judo amaionetsa mpaka lero akamayesedwa lamba wakuda, pali ina yotchedwa sumi gaeshi. Yang'anitsitsani mmene amagwiranirana pochita imeneyi. Sagwira kolala ngati pa njira zambiri. Onse awiri amapinda mawondo, dzanja limodzi lili m'khwapa mwa mnzake, lina lagwira mkono. Kenaka wogwetsayo amadziponya pansi phazi lake litakola m'kati mwa ntchafu, mnzake n'kuuluka pamwamba pake. Chotsanipo kuimirirako, mwatsala ndi zomwe zija tafotokozazi.

Kano mtima wake unali pa kugwetsa munthu muli chiimire. Amene anakondetsetsa kulimbana kwa pansi anali ana asukulu. Kuyambira mu 1914, masukulu apamwamba a ku Japan ankachita mpikisano wawo ku Kyoto, womwe unadzadziwika kuti kosen judo. Unali wa matimu. Wopambana ankatsala pabwalo kudikira wina, koma awiri akalepherana onse ankatuluka. Lamulo limeneli linabala nzeru. Mnyamata amene wayamba judo chaka chathachi sakanatha kugwetsa katswiri wa timu inayo, koma ankatha kumukokera pansi, kumutchinga ndi miyendo mpaka nthawi ithe, n'kutuluka naye limodzi. Timu yake yataya mwana, inayo yataya ngwazi. Pofuna kuthana ndi anthu otere, onse anayenera kuphunzira za pansi, ndipo luso la miyendo linakula kwambiri m'masukulu amenewa, kuphatikizapo sankaku-jime, njira yopana khosi la munthu ndi miyendo. Mu 1925 Kodokan inakhwimitsa malamulo ake kuti anthu asamangothamangira pansi. Ana asukulu aja anapitiriza zawozo, ndipo mpaka pano mayunivesite 7 akale a ku Japan amapikisanabe motero, koma judo ya dziko lonse inatenga njira ina.

Ena amakonda kunena kuti jiu-jitsu ya ku Brazil ndi mwana wa kosen. Zaka zikukana. Mitsuyo Maeda, yemwe amatchulidwa ngati tsinde la masewerowa ku Brazil, anachoka ku Japan mu 1904, kutatsala zaka 10 kuti mpikisano wa ku Kyoto uyambe. Anayenda ku United States, ku Ulaya, ku Cuba ndi ku Mexico akulimbana pa ndalama, anafika ku Brazil mu 1914 n'kukakhazikika ku Belém, komwe Carlos Gracie anayambira kuphunzira pa sukulu yake ali mnyamata. Ndipo Maeda sanali yekha. Geo Omori, Takeo Yano ndi abale a Ono nawonso anaphunzitsa ndi kulimbana ku Brazil m'zaka za m'ma 1930, ndipo a banja la Gracie anakumana nawo m'bwalo. Luso la miyendo linalowa m'dzikomo kudzera m'makomo angapo.

Chimene a Gracie anatchuka nacho chinali kuleza mtima. Ndewu zawo za vale tudo, zololeza nkhonya ndi mateche, zina zinalibe malire a nthawi. Mu 1955 Hélio Gracie analimbana ndi wophunzira wake wakale Waldemar Santana kwa maola oposa atatu asanagonje. Pa ndewu yotere wapansi safulumira. Amadziteteza, kudikira kuti wapamwamba atope kapena alakwitse. Dzina la Gracie linamveka kunja pa mpikisano woyamba wa ndewu wa UFC ku Denver mu Novembala 1993, koma nzeru yodikirayi inaonekera bwino mu Disembala 1994, pamene Royce Gracie anagona chagada pansi pa chimphona Dan Severn kwa mphindi pafupifupi 16, mpaka anapeza mpata womupana khosi ndi miyendo. Kwa zaka zingapo anthu a kunja kwa Brazil ankaganiza kuti guard ndi imodzi yokha, ija yozinga chiuno cha mdani ndi miyendo, akakolo atapingasa kumsana kwake, yomwe amati closed guard. Vuto lake n'lakuti imamanga mdani, koma imamanganso mwini wake. Mu Epulo 1995 Royce ndi Ken Shamrock anakhala chomangana kwa mphindi 36, anthu akukuwiza, wopambana osapezeka.

Ku Rio de Janeiro, kwawo kwa a Gracie, zinthu zinali zitayamba kale kusintha. Bungwe loyamba loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu linakhazikitsidwa kumeneko mu 1967, ndipo mu 1996 Carlos Gracie Jr. ndi bungwe lake anachititsa Mundial yoyamba, mpikisano wa dziko lonse. Pa malamulo ake, a lamba wakuda amalimbana mphindi 10 zokha. Kugwetsa munthu ndi mapointi 2, kudutsa miyendo yake ndi 3, kumukhalira pamimba kapena kumukwera kumsana ndi 4. Ndipo wapansi akatembenuza mnzake n'kukhazikika pamwamba masekondi atatu, amapata mapointi 2, ofanana ndi a munthu amene wagwetsa mnzake ali chiimire. Apa ndiye panagona nkhani. Wotchi inathetsa kudikira, ndipo mapointi awiriwo anachititsa kuti pansi pakhale malo osakirapo chigonjetso. Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinabala mitundu yambiri ya guard: ya Ricardo De La Riva yokola mwendo chakunja, spider guard yoponda mikono ya mdani utagwira nsalu ya kumanja kwake, ndi half guard imene Roberto "Gordo" Correa anaikulitsa atavulala bondo. Ziwiri zoyambazo mphamvu yake ili pa nsalu ya gi, jekete yolimba imene a judo ndi a jiu-jitsu amavala. Guard ya ngowe inalipo pakati pawo, yodziwika ndi yophunzitsidwa, koma inali imodzi chabe mwa zambiri.

Munthu amene sakanatha kudalira nsalu anali Jean Jacques Machado, wachibale wa a Gracie, wobadwa mu 1968. Dzanja lake lamanzere anabadwa nalo lili ndi chala chachikulu ndi chaching'ono chakumapeto basi. Pa masewero amene anzake ankapambana pofinya kolala ndi mikono ya jekete, iye anaphunzira kugwira ndi mkono wonse: kuulowetsa m'khwapa, kuukulunga pamwamba pa mkono wa mdani, kupana ndi chigongono. Kagwiridwe kotere kamafuna kuti ukhale pafupi kwambiri, chifuwa kugunda chifuwa, ndipo miyendo yoyenerana nako ndi ngowe ziwiri zija.

Munthu akanatha kuganiza kuti imeneyi ndi njira ya munthu mmodzi yothanirana ndi vuto lake. Koma mu 1998 Sheikh Tahnoon bin Zayed Al Nahyan anayambitsa mpikisano wa ADCC ku Abu Dhabi, woitana a judo, a sambo, a wrestling ndi a jiu-jitsu kuti adzalimbirane mphoto ya ndalama, ambiri atangovala kabudula. Thupi la thukuta limaterera. Mkono umene waugwira ndi zala umapulumuka, munthu amene wamuzinga chiuno amawongoka n'kuimirira nawe. Akatswiri ambiri a ku Brazil anapeza kuti luso lawo lina latsala m'chikwama pamodzi ndi jekete. Machado sanataye kalikonse, poti phazi lokola ntchafu ndi mkono wa m'khwapa sizifuna nsalu. Mu 1999 anatenga chikho cha osapitirira makilogalamu 77, ndipo onse amene anakumana nawo m'gawolo anachita kugonja okha, osadikira kuwerenga mapointi.

Chaka cha 2003 chinaonetsa zinthu ziwiri motsatizana. Mu Malichi, ku Yokohama, Fedor Emelianenko wa ku Russia analowa dala m'miyendo ya Antônio Rodrigo Nogueira, yemwe guard yake inkaopedwa kwambiri mu MMA, ndewu zosakaniza nkhonya, mateche ndi magwetsano, n'kumukuntha nkhonya ali momwemo mpaka kumulanda lamba wa mpikisano wa Pride patatha mphindi 20. Patangopita miyezi iwiri, ku São Paulo, mnyamata wa zaka 20 wochokera m'tauni ya Formiga ku Minas Gerais analowa mu ADCC pamalo pa wina amene sanabwere, poti iye anali atagonja pa ndime yomaliza ya mpikisano wosankhira opita kumeneko. Dzina lake Marcelo Garcia, wophunzira wa Fábio Gurgel. Garcia anapambana Renzo Gracie pa mapointi. Kenaka anakoka mkono wa Vitor "Shaolin" Ribeiro, kumuzungulira kumsana, kumukanyanga pakhosi mpaka kukomoka mphindi imodzi isanathe. Pa ndime yomaliza Otto Olson wa ku America nayenso anagwidwa pakhosi kuchokera kumsana. Ndi mpikisano womwewo umene Eddie Bravo, wophunzira wa Machado, anagonjetsera Royler Gracie, moti kunali zokamba zambiri, koma amene anasintha kalimbanidwe ka anthu ambiri anali Garcia.

Iye sanapeke njira yatsopano yogudubuzira munthu. Chimene anasintha ndi mtima wa munthu wokhala pansi. Sankadikira kuti agwidwe. Ankasendera kutsogolo, manja ake akulimbirana manja a mdani, mutu uli patsogolo pa chiuno, ndipo anakonza zinthu mwakuti chilichonse chimene mdani angachite chikhale ndi chilango chake. Ukamuyandikira utagwada, akukweza ndi ngowe. Ukatambasula mkono kuti umukankhe, amaukoka modutsitsa pachifuwa pake, iwe kupendekekera kutsogolo, iye ali kale kumsana kwako. Ukaweramitsa mutu pobisa mikono, khosi lako lalowa m'manja mwake. Ukaimirira kuthawa zonsezi, amalowa kunsi kwako, mwendo wako umodzi ali nawo paphewa, mapazi ake atapingasa pa mwendo winawo, n'kukutangadzitsa mpaka ugwe. Imeneyi ndi X-guard, yomwe anatulutsapo buku mu 2008. Closed guard imakomera anthu a miyendo yaitali. Garcia ndi wamfupi, wa ntchafu ndi akatumba onenepa, ndipo kwa thupi lotere ngowe zazifupi zonyamula ndizo zoyenera.

Anatenga ADCC kanayi, mu 2003, 2005, 2007 ndi 2011, ndi Mundial kasanu ali ndi lamba wakuda. Koma chimene anthu amakumbukira kwambiri ndi gawo lopanda malire a kulemera, momwe ankakhala pansi pamaso pa zimphona. Mu 2005 Ricco Rodriguez, yemwe anakhalapo ngwazi ya olemera kwambiri mu UFC, anadziponya chagada Garcia ali kumsana kwake, kumuphwanyira pansi ndi thupi lonse. Garcia anadzuka, ndewu inapitirira, n'kumugonjetsa popotokola chidendene. Atatsegula sukulu ku New York mu 2009 mothandizana ndi Josh Waitzkin, katswiri wakale wa chess, anachita chinthu chimene aphunzitsi akale sakanachilota: kujambula maphunziro ndi kulimbana kwake kwa tsiku ndi tsiku n'kuziika pa intaneti kuti aliyense wolipira aone. Kale luso linali chinsinsi cha sukulu, ndipo wophunzira wosamukira kwina ankamunena kuti ndi creonte, wachiwembu. Tsopano mnyamata wa ku Warsaw kapena ku Sydney ankatha kubwereza kanema ka 20 kuti aone pamene phazi la Garcia laponda.

Mu MMA nkhani ndi ina, ndipo okonda jiu-jitsu sakonda kuimva. Garcia mwiniwake analowamo kamodzi kokha, ku Seoul mu Okutobala 2007. Anamukwera kumsana Kim Dae-won m'chigawo choyamba koma sanamumalize, ndipo m'chigawo chachiwiri dokotala anaimitsa ndewu chifukwa cha bala la kumaso. Kukhala tsonga patali ndi mdani, komwe ku ADCC ndi kutchera msampha, m'khola la MMA ndi kupereka nkhope. Kampata kochepa pakati pa chifuwa chako ndi cha mnzako n'kokwanira kuti chigongono chidutse. Chigawo ndi mphindi 5, ndipo majaji nthawi zambiri amakondera amene ali pamwamba.

Choncho ngowe zinapatsidwa ntchito ina. Munthu akagwetsedwa amalowetsa msangamsanga phazi limodzi kapena onse awiri m'ntchafu za wapamwambayo n'kumamugwedeza. Amene chiuno chake chili lendelende sangamenye nkhonya yolemera, poti manja ake amathamangira pansi kuti asagwe. Kamphindi kameneko n'kokwanira kumukankhira kutali, kubweza mwendo kumbuyo n'kuimirira, kapena kukwawira ku waya wa khola n'kudzuka motsamira. Kugudubuza kwathunthu kumachitika, koma mwa apo ndi apo, ndipo ine ndimaona kuti ndewu zambiri zimene ngowe zapulumutsa ndi zimene owonera sanazindikire n'komwe kuti pachitika kanthu: munthu anagwa, patapita masekondi ochepa ali chiimire. B.J. Penn wa ku Hawaii ankadziwika ndi miyendo yovuta kuidutsa, ndipo ambiri ankalephera kumusunga pansi. Komabe mu Januwale 2009 Georges St-Pierre, wamkulu thupi kuposa iye, anamupanikiza, kudutsa miyendo yake kangapo, n'kumumenya mpaka a kukona kwake anaimitsa ndewu chigawo chachinayi chitatha. Pamene pali nkhonya, ngowe zimafuna mpweya wambiri, ndipo munthu wotopa amagona chagada ngakhale akudziwa kuti sayenera kutero.

M'zaka za m'ma 2010, ku New York komweko, ophunzira a John Danaher pa sukulu ya Renzo Gracie, anthu ngati Eddie Cummings, Garry Tonon ndi Gordon Ryan, anaona khomo lina. Ukakweza munthu ndi ngowe, ngakhale asagwe, miyendo yake imatseguka ndipo umodzi umapepuka. Iwo m'malo molimbikira kumugudubuza ankalowa kunsi kwa mwendowo, kuuzinga ndi miyendo yawo n'kupotokola chidendene, njira imene imatha kung'amba mitsempha ya m'bondo munthu asanamve ululu womuchenjeza. Akuluakulu akale a jiu-jitsu ankanyoza kugwira mapazi, ndipo bungwe la IBJJF, loyendetsa Mundial, linaloleza kupotokola chidendene mu 2021 mokha, kwa a lamba wa bulauni ndi wakuda, pa mipikisano yopanda gi. Apamwamba nawo sanagone. Yankho lotchuka masiku ano ndi kukumbatira chiuno cha wokhala pansiyo ndi mikono yonse iwiri, kulumikiza manja kumsana kwake, kumugoneka chagada ndi mutu ndi chifuwa, n'kumadutsa bondo limodzi pang'onopang'ono mapazi ake atapanikizidwa kumatako kwake.

Pa mipikisano ya gi, zaka zomwezo zinali za njira zozondoka: berimbolo ya abale a Mendes ndi a Miyao, yogudubuzika mutu uli pansi miyendo ili m'mwamba, ndi worm guard ya Keenan Cornelius, yomanga miyendo ndi mpendero wa jekete ya mdani yemweyo. Ambiri ankaiona butterfly guard ngati ya madala, yabwino kuphunzitsira oyamba kumene. Adam Wardziński wa ku Poland anakakamira pomwepo. Aliyense wokumana naye ankadziwa chimene chikubwera: akhala pansi, alowetsa ngowe, adutsitsa dzanja kukagwira lamba kumsana, atsekera mkono, adzigwetsera cham'mbali. Akalephera koyamba, asendera, ayambiranso. Kwa zaka zingapo ankapeza mamendulo m'mipikisano ikuluikulu koma wagolide wa Mundial unkamuphonya. Mu 2024, ku Long Beach ku California, anapambana m'gawo la heavyweight la a lamba wakuda, kukhala munthu woyamba wa ku Poland kutero.